Mapazi a Pakhola

Dzulo ndinamaliza buku latsopano la wapolisi wofufuza milandu. Ndi lokoma ndithu, koma wakuba atamangidwa pa tsamba lomaliza ndinaliponya pampando. Linandinunkhitsa ndowe za khola lathu la ku Magodi.

Ndili ku pulaimale, aphunzitsi anandibweleka buku lotele. Sabata yomweyo ng'ombe zathu ziwili zolimila zinabedwa. Ndinachita ngati wapolisi wa m'bukumo. Ndinathyola kaudzu n'kuyeza phazi la nsapato ya tayala m'matope a pakhola, kenaka ndinalondola mapaziwo mpaka kuseli kwa chigafa cha fodya cha adada aang'ono, mng'ono wao weniweni wa adada.

Ndinathamanga wefuwefu. "Adada, ndam'peza wakuba!"

Adada anayang'ana kaudzuko nthawi yaitali. Atatelo anatenga tsache la amama, napita kukhola kukasesa mapazi onse.

"Mwana wanga, sunaone kanthu."

Ndinalila, poganiza kuti sakundikhulupilila. Chaka chimenecho tinalima ndi makasu, ndipo adada aang'onowo ankabwelabe kudzadya nafe.

Olemba mabukuwa amayesa kuti wakuba akadziwika ndiye kuti mlandu watha. Adada anali atam'dziwa kale ndisanathyole n'komwe kaudzu kaja.