Dzinja Limene Amayi Anadzala Kapinga

Chida chija chinalibe dzina m'mudzi mwathu. Linali khasu lakale limene wosula zitsulo wina ku Bvumbwe analiwongola n'kulizika pa mpini woongoka ngati wa fosholo, kukamwa kwake kozungulira ngati theka la mwezi. Amalume ankachitcha kamwezi. Tsiku limene anabwera kudzakhala nafe, chinatsika pa njinga pamodzi ndi matiresi awo, wailesi ndi thumba la zovala. Anachiimika kuseri kwa chitseko, ndipo chinakhala kumeneko miyezi inayi chikuchita dzimbiri.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Nyumba yathu inali m'malire mwenimweni mwa esiteti, moti ukaima pakhonde unkaona tiyi atayalika mpaka kuphiri, wosalala pamwamba ngati tebulo. Amayi ankathyola tiyi kumeneko. Amalume, achimwene awo a amayi, anagwira ntchito yosamalira maluwa kunyumba ya manijala kwa zaka zambiri, mpaka tsiku lina anagwa ali pantchito n'kudzidzimukira kuchipatala dzanja lamanzere litafooka, pakamwa patapotoka pang'ono. Ntchito inathera pomwepo, nyumba ya kampani anaibweza.

Kwathu ankangokhala pakhonde. Kucha, kuda, ali pa mpando womwewo, dzanja lodwala lili pamwendo ngati si lawo. Wailesi itatha mabatire sanafunse ena. Mawu amodzi okha amene ndimakumbukira a miyezi imeneyo ndi akuti, "Ndasanduka katundu ine."

Mvula yoyamba itagwa, amayi anabwera kuchokera kuntchito dengu lawo litadzaza kapinga amene anazula m'mbali mwa msewu. Anamudzala pabwalo lonse, kamtengo m'manja, kubowola n'kutsindira ndi chidendene. Oyandikana nafe anaseka. Pabwalo ndi posesa, ankatero, udzu umaitana njoka. Pofika Khirisimasi bwalo linali litabiriwira, koma kapinga sadziwa malire. Anayanga kulowa m'kanjira, anakwera pakhonde, anatsamwitsa maluwa awiri amene tinali nawo.

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, amayi anatenga khasu n'kuyamba kugwapula m'mbali mwa kapingayo, pamaso penipeni pa amalume. Mzere wawo unkapita uku ndi uku ngati njira ya woledzera. Amalume anakhosomola. Anayang'ana kumbali. Kenako sanathenso kupirira.

"Achemwali, mukukumba mbatata kodi?"

"Ngati pakukuipirani, achimwene, tsinzinani."

Anadzuka. Anaima kanthawi atagwira nsanamira, kenako anandiyang'ana. "Iwe, kanditengere kamwezi. Upezenso chingwe cha khonje ndi zikhomo zinayi."

Tsiku limenelo sitinadule chilichonse. Tinathera kunola. Iwo anaponda mpini ndi phazi, ine ndinagwira chitsulo ndi manja awiri, tupa ikuyenda mbali imodzi yokha, kuchoka kwa iwo, mpaka dzimbiri linatha ndipo kukamwa kunayera. Fungo la chitsulo chonoledwa linatsala m'zala zanga mpaka m'mawa mwake m'kalasi.

Kuyambira pamenepo ndikaweruka kusukulu ndinkathamanga. Ntchito yanga yoyamba inali zikhomo, poti kukhoma kumafuna manja awiri. Chikhomo kuno, china uko, chingwe pakati. Amalume ankachikoka ndi chala n'kuchisiya. Chikapanda kulira, ndinkamasula n'kukunganso. Kenako tinkagoneka thabwa motsatira chingwecho. Iwo ankaima pa thabwalo kuti m'mbali musagumuke, kamwezi n'kukaimika chilili, osapendeketsa, n'kukaponda ndi phazi. Khwapu! Kukagwedeza pang'ono kumanja, kumanzere, kukazula, kusuntha phazi limodzi, khwapu! Ndi dzanja limodzi ankachita zonsezo, ndipo dothi lofiira linkaoneka lodulidwa bwino ngati buledi.

Ine ndinkatsatira pambuyo nditagwada, kunyamula zidutswa zodulidwa, kukutumula dothi, mizu n'kuponya m'dengu. Nkhuku zinkanditsatira chifukwa cha nyongolotsi. Pomwe tachotsa pankatsala kangalande kozama zala zitatu. "Kapinga akafika apa alendewere m'malere," ankatero, "umuone asanawoloke." Anali ndi malamulo enanso. Osadula dothi lili matope, limamatirira. Osadula litauma, limasweka. Dikira tsiku limodzi mvula itakata.

Sizasi yaikulu yometera mpanda inali yanga ndekha, popeza iwo sakanatha kuigwira. Loweruka lililonse ndinkayenda chammbali ngati nkhanu, kumeta timasamba tolendewera mu kangalande, mpaka m'manja munatuluka matuza. Kuzungulira mtengo wa mapeyala tinamanga chingwe molekerera pa thunthu, kumapeto kwake chikhomo, ndipo ine ndinayenda mozungulira ndikulemba pansi. Mzere unakakumana wokha pomwe unayambira. Ndinakuwa ngati ndaona matsenga. M'mbali mwa kanjira tinazika njerwa zotsala mopendeketsa, iliyonse itatsamira inzake ngati mano a sowo, amayi n'kuzipaka laimu.

Tsiku lina amalume atagona masana, ndinadula ndekha popanda chingwe. Ndinkaona kuti maso anga akwanira. Atadzuka sanakalipe. Anandipititsa kumapeto, anandigwaditsa, anati nditsinzine diso limodzi. Mzere wanga unali ndi mimba. Anaseka mpaka misozi, pakamwa popotoka paja pakugwedera, ndipo amayi anatuluka m'khitchini ali ndi mthiko m'manja kudzaona. Kanali koyamba kuwamva akuseka m'nyumba mwathu.

Masiku ano kuno ku Limbe komwe ndimakhala, anthu amadula m'mbali mwa kapinga ndi makina a petulo olira ngati mavu. Ntchito yathu ya sabata yathunthu imatha tiyi asanazizire m'kapu. Sindiwanyoza, msana wanganso suli monga kale. Koma ndikadutsa pa nyumba ya munthu ndimapezeka ndatsinzina diso limodzi, ndipo kawirikawiri mzere umakhala ndi mimba.

Chakumapeto kwa February aphunzitsi athu anadutsa pa njinga, anapitirira pang'ono, n'kubwerera. Anayang'ana bwalo lathu nthawi yaitali. Kenako anavula chipewa n'kupempha amalume kuti akakonze kapinga wa pasukulu, pozungulira mbendera, ana a sitandade 7 akawathandize. Amalume anavomera. Madzulo amenewo anandituma ndichape ovolosi yawo yakale.

Koma sabata yomweyo linali tsiku lawo lopita kuchipatala. Anabwerako madzulo. Ndinamva amayi akuuza mnzawo pamjigo kuti adokotala anena kuti dzanja lija silidzabwereranso. Amalume analowa kuchipinda. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu, phala likubwerera momwe lapitira. Ovolosi inauma pachingwe, inanyowanso ndi mvula, inaumanso. Aphunzitsi akandifunsa ndinkangoyang'ana pansi.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndinadzuka molawirira, nkhungu idakali pa tiyi. Ndinapeza amayi pakanjira, dengu lili kumsana, pulasitiki yothyolera tiyi atamanga kale m'chiuno. Ankagwetsa njerwa zathu ndi phazi, imodziimodzi. Anaponda m'mbali mwa kangalande mpaka munagumuka, anazula kapinga pang'ono n'kumumwaza panjira. Atatembenuka anandiona. Sanadzidzimuke.

"Ukawauze amalume ako kuti mbuzi za eni zalowa."

Anapukuta phazi pa udzu n'kumapita kuntchito.

Ndinawauza amalume. Kenako bedi linalira. Anatuluka mabatani a malaya osamanga, anaona njerwa zili mbwee, ndipo anatukwana mbuzi za m'mudzi monse m'Chilomwe, chinenero chimene ankachisungira mkwiyo ndi mapemphero. Anaitanitsa chingwe. Tsiku limenelo ndinachedwa kusukulu. Lolemba lotsatira anandiperekeza okha, atavala ovolosi, ndipo ndinawaona pawindo la kalasi akukungitsa chingwe anyamata aatali kuposa iwo. Pambuyo pake anawaitana kutchalitchi, kenako kunyumba za anamwino. Anakhala zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo mpando wa pakhonde unakhala wa alendo.

Ine ndinawakwiyira amayi mpaka mvula inatha. Anali munthu yemweyo amene anandikwapula chifukwa chonama za shuga. Anaononga ntchito ya matuza anga, ananamizira mbuzi zosalakwa, n'kundisenzetsa ine bodzalo. Ndinkawayang'ana madzulo akuwaonjezera ndiwo achimwene awo, nkhope ili phee, ndipo sindinkamvetsa kuti munthu wochimwa chotere angadye bwanji mokoma chonchi. Lamlungu lililonse ndinkagwada pafupi nawo m'tchalitchi, maso nditatsinzina mwamphamvu, kuwapempherera kuti Mulungu awakhululukire.