Sikuludiraiva ya Kuya Rodel

Lero chakwana chaka chitichokereni, Kuya Rodel. M'mawa uno ndikuyendetsa alendo a kuhotela ku Bin Mahmoud kuno ku Doha, kanandidutsa kagalimoto kakale ka ku Japan, kotsitsidwa mpaka kutsala pang'ono kupala tala, ekizosi ikubangula. Ndinangodziwa kuti apa padutsa dzanja la Mfilipino, mtima nkuthamangira kwa inu.

Mukukumbuka Lachisanu lija titaweruka kutchalitchi ku Abu Hamour? Anzanu a mipikisano yothamangitsa magalimoto anali atandanda, maboneti ali yasa, akukangana za injini ina imene inkatsokomola ikafika pa liwiro. Mwini wake anali atatsimikiza zoimasula yonse. Inu munandikoka pamkono nkunena kuti, "Yalla, tiye iwe Malawi, bwera udzamvere." Ena anaseka, amvekere dalaivala wa pahotela angadziwe chiyani. Ndinagunditsa sikuludiraiva yanu painjini, chogwirira chili kukhutu, monga munkandiphunzitsira kugalaja. Ndinati, "Pulagi yachitatu." Ataimasula anaipeza yakuda bii! Munangoyenda pakati pawo chifuwa chili patsogolo ngati mwawina mpikisano.

Matenda anakutengani musanaone izi, ndiye ndikuuzeni. Masiku ano injini ikawavuta, anzanu omwe anandiseka aja amaimbira ine, mwana wa ku Dedza. Sikuludiraiva ija ndimayenda nayo paliponse. Ndipo ndikafika, sanenanso kuti Malawi. Amanditchula Kuya, achimwene m'chiyankhulo chanu, dzina limene ndinkaliona ngati lanu nokha. Usani mumtendere, achimwene anga. Khutu lanu likugwirabe ntchito mu Doha muno.