Ndinaluka hatchi ku Karen

Loweruka lapitali ndinaluka tsitsi la hatchi. Musaseke, ndikunena zoona.

Mwana wanga Tadala, wa zaka khumi ndi zitatu, amaphunzira kukwera mahatchi ku Karen, dera lina kuno ku Kenya komwe tikukhala, ndipo tsikuli unali mpikisano wake woyamba. Miyezi itatu anakhala akukonzekera: kupukuta nsapato, kupesa mchira wa hatchi, kuloweza modutsa m'bwalo. Ine yanga inali kuyendetsa galimoto ndi kuimirira patali, poti chinyama chachitali chonchija sindichikhulupirira.

Titafika m'mawa tinamva kuti bambo amene amaluka mahatchi pamenepo adwala. Pa mpikisano wotere, tsitsi la pakhosi pa hatchi amaliluka timfundo ting'onoting'ono n'kumanga ndi ulusi, ndipo oweruza amayamba kuyang'ana zimenezo. Tadala anayesa yekha, zonse zikungomasuka. Kunatsala ola limodzi. Ndinamuona akumeza misozi, miyezi itatu ija ikupita m'madzi.

Nditasuzumira hatchi ya mnzake yomwe inalukidwa dzulo lake, ndinadabwa. Si timfundo tomwe tija achemwali anga ankandimanga ku Ndirande? Lamulungu lililonse tikabwera ku tchalitchi ankandikhazika pansi pakati pa miyendo yawo, ulusi wakuda kukamwa, chipeso m'manja. Ndikangogwedeza mutu, chipeso chomwecho chinkandigogoda. Miseche yonse ya m'dera lathu ndinkaimvera pamenepo, nanenso zanga zakusukulu ndinkaululira pomwepo. Anatisiya kalekale achemwali, ndipo ndimawasowa kwambiri.

Ndinavundikira ndowa n'kukwerapo. Zala zinakumbuka zokha. Hatchiyo itapukusa mutu, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu a achemwali: "Iwe, takhala bwino, ndikugogoda."

Ndipo inakhaladi bwino.

Ndili pandowapo ndinachita manyazi ndi chinthu china. Mutu wa Tadala ndinaugwira komaliza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ife amayi a m'maofesi a ku Upper Hill timati tatanganidwa. Mwana timamusiya ku saluni, akhale maola anayi ndi munthu wachilendo, maso pafoni, ife n'kudzamutenga atakongola. Amaluka bwino kuposa ife, sindikukana. Koma kodi kuluka kuja kunali kwa tsitsi lokha? Mwana amalankhula zambiri akakhala kuti sakukuyang'ana m'maso, wakupatsa nkhongo, zala zako zili m'mutu mwake. Nanga ana athuwa zawo akuululira ndani?

Tadala sanapambane, anakhala wachisanu. Koma timfundo tonse tinagwira mpaka kumapeto, ndipo mayi wina Wachikenya anandifunsa ngati ndingadzamulukire hatchi yake mwezi wamawa. Ndinati pole, ndiye pepani wa kunoko, imodzi yandikwana.

Pobwerera, titaima pamzere wa magalimoto, mwana ankaseweretsa pamiyendo riboni imene anamupatsa kumpikisano. Kenako anafunsa osandiyang'ana: "Amayi, ndiye kuti mumatha? Nanga bwanji ine simundiluka?"

Funsolo linandipweteka, poti chifukwa chenicheni panalibe.

Lamulungu titabwera ku tchalitchi ndinayala chitenje pansi, ndinamukhazika pakati pa miyendo yanga, ulusi kukamwa. Tisanafike pakati pa mutu anali atandiuza kale za mtsikana wina amene wakhala akumuzunza m'kalasi kuyambira chaka chatha. Chaka chathunthu, ine osadziwa.

Ine ndinachita kudikira kuti hatchi indikumbutse. Inu mutu wa mwana wanu munaugwira liti komaliza?