Galimoto Yopanda Kumbuyo

"Aneba, nanga ife tizikhala pati?"

Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, tsiku limene amuna anga anabwera ndi galimoto yatsopano. Ndikuti yatsopano kwa ife, chifukwa m'manja mwa ena inali itayenda kale mokwanira. Mayiyo anaizungulira manja ali kumbuyo ngati akugula mbuzi, kenako anasuzumira pagalasi n'kuwerenga mipando ndi chala. Ine ndinali chiimire, mwana ali kumsana. Ndinangoti, "Tiona, aneba."

Isanabwere imeneyi tinali ndi pikapu yoyera, yakalekale, imene chitseko cha mbali yanga chinkatsegukira kunja kokha. Kwathu kuno m'munsi mwa phiri zinanazi zimapsa mvula ikayamba, ndipo zimapsera limodzi ngati zachita kupangana. Ukachedwa nazo zimakuolera m'munda. Ndiye tsiku la msika wa pa Nkando tinkakwera kumbuyo kwa pikapu ija amayi asanu ndi awiri, aliyense pambali pa madengu ake, mwendo umodzi atatchinjiriza nawo katundu. Mpando wanga unalipo kutsogolo, koma kawirikawiri ndinkakhala kumbuyo komweko, poti nkhani zinali kumeneko. Dengu likapendekeka, kapena chitenje cha wina chikauluka, tinkamenya denga ndi chikhatho, bambo akunyumba n'kuima. Palibe anatiphunzitsa zimenezi. Amayiwo ankasonkha ya mafuta, ndipo kotsalako pamodzi ndi za zinanazi zanga ndi zimene zinkatiyendetsa pakhomo mpaka chimanga chitacha.

Koma bambo mtima wawo unali ku uzimba. Loweruka lililonse ankanyamula agalu ndi anzawo kukasaka nguluwe zimene zimafukula chinangwa m'minda ya anthu cha kumalire. Misewu yake ndi ya dothi lofiira loterera, ndipo pikapu, poti inkakankha ndi matayala akumbuyo okha, inkatitimira. Ankabwerako matope ali mpaka m'makutu, atatopa ndi kukankha galimoto m'malo mothamangitsa nyama.

Tsiku lina ndikusenda chinangwa anakhala pansi pafupi nane, zimene sachita kawirikawiri.

"Make mwana, ndapeza munthu wa ku Limbe akufuna pikapu yonyamulira njerwa. Iye ali ndi galimoto yotseka, yaitali miyendo, yokoka ndi matayala onse anayi. Tisinthana. Ija sititimira. Ndiyo imazula zinzake zikatitimira, eni ake n'kulipira."

"Nanga zinanazi?"

"Tiwotcheretsa ngolo, izikoka kumbuyo. Ngolo imalowa katundu kuposa pikapu."

"Nanga anthu?"

"Iwe umangoti nanga, nanga."

Ndinasiya. Munthu akayamba kulota galimoto, mawu ako amawamva ngati mvula ya padenga.

Ngoloyo anaiwotchera kuboma, pa matayala a galimoto ina yakufa. Inali yaifupi msinkhu, ya mbali za malata, ndi chitseko kumbuyo chotsekera ndi kachitsulo konenepa ngati chala. Ataimangirira, aneba aja anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Alamu, ngolo tinaiona kale, koma ng'ombe yamagalasi akuda ndiye tayiona lero! Imadya msipu wanji?"

"Dikirani muikwere, alamu, mudzakana kutsika," anatero bambo.

Msipu wake tinaudziwa posachedwa. Mafuta amene pikapu inkapita nawo ku Nkando n'kubwerako, iyi inkangotsukira mkamwa.

Ntchito yoyamba imene galimotoyo inandipatsa ine inali yochapa. Kupikapu agalu ankakwera kumbuyo, mphepo n'kumauluza fungo, ndipo pobwerako ndowa imodzi ya madzi inkakwana. Umu agalu ankalowa mkati, kuseri kwa mipando, anyowe asanyowe. Ubweya unkakanirira m'nsalu za mipando. Tsiku limene anapha nguluwe, magazi analowerera mu kapeti, ndipo ndinapala ndi sopo ndi phulusa mpaka zala kuyera, koma dzuwa likawomba fungo linkadzukanso. Kenako ndinapeza nkhupakupa kuseri kwa khutu la mwana wanga. Ndinaichotsa, ndinawaonetsa bambo pachikhatho. Anati agalu awasambitsa mankhwala. Anawasambitsa kamodzi.

Zokoka anzawo zija zinachitikadi, sindingawanamizire. Mvula itakhazikika anazula minibasi imene inatitimira pafupi ndi kamlatho, anthu akuwomba m'manja. Anabwera kunyumba akuyenda ngati akula msinkhu, atagula shuga ndi buledi. Tsiku limenelo nanenso ndinaganiza kuti mwina ndine wosaona patali.

Zinanazi zitapsa, amayi aja anabwera pakhonde panga kudzamva mmene tiyendere. Mipando yakumbuyo inali ya anthu atatu, ndipo bambo anali atanena kale kuti sapanikiza anthu, apolisi apamsewu angawalembe. M'ngolo munthu saloledwa.

Wamkulu wa tonsefe, mayi wamasiye amene munda wake unali waukulu kuposa yathu, anati, "Mwanawe, ukasankha atatu, otsalawo akuona bwanji mawa kumjigo? Usasankhe. Tenga katundu wathu tonse ukatigulitsire. Upite ndi neba wakoyu, mukathandizane."

Anakhulupirira ine. Aliyense anabweretsa zake m'mawa wa tsiku la msika, zosankhidwa, zazikuluzikulu, zoyamba kucha zimene zimakhala ndi mtengo. Bambo anaona madengu nati akudya malo, tingokhuthula. Tinakhuthula. Ngolo inadzaza mpaka pamwamba, tinafunditsa lona n'kumanga m'mbali.

Kunkawaza kamvula, choncho magalasi tinatseka. Ine ndinakhala kutsogolo ndi mwana pamiyendo, aneba kumbuyo okhaokha, atatambasula miyendo pa mipando yonse.

"Ndafa ine! Anthu amakhala chonchi eti? Alamu, mundipititse ku Blantyre, Nkando yachepa."

Bambo anatsegula wailesi, nyimbo za kwaya. Galasi lakumbuyo linali litadzola matope tisanafike n'komwe kumapeto kwa mudzi, ndipo ngolo poti inali yaifupi sinkaoneka. Tinkangoimva ikugunda.

Msewu wochoka kwathu kukafika pa tala umadutsa m'minda ya tiyi, kukwera ndi kutsika. Pa chitunda choyamba amayi othyola tiyi, mapepala apulasitiki ali kumutu, anaimirira n'kuyamba kutikwezera manja. Ena manja onse awiri. Pakamwa pawo pankayenda koma mawu sankalowa.

Bambo analiza hutala kawiri. "Waona, make mwana? Pikapu ija ankaikwezera manja ndani?"

Aneba anabweza moni pagalasi, dzanja likugwedezeka pang'onopang'ono ngati mkazi wa phungu. Nanenso ndinakweza langa, ndinagwiranso kadzanja ka mwana kuti abayibitse. Patsogolo pang'ono mwamuna wina wapanjinga anatsika n'kumaloza kumbuyo kwathu, akudumpha. Bambo anati ameneyo walawirira kachasu. Titafika pa tala anaponda mafuta.

"Lero ikuthamanga bwino. Ngati sikukoka kanthu."

Pa Nkando ogula opikula anatithamangira monga mwa masiku onse. Woyamba kufika anakweza lona, anayang'ana mkati, anayang'ana ine.

"Amayi, katundu mwasiya kuti?"

Chitseko cha ngolo chinali pululu, chikulendewera. Lona inali yomangika bwinobwino pamwamba pa mphepo. M'makona akutsogolo munatsala zinanazi zoti dengu limodzi silikanadzaza. Pa chitunda chilichonse zinkagubuduka kutuluka, ife tikumvera kwaya.

Aneba anakhala pansi pamatope pomwepo. "Mayo ine, ndikawauza chiyani ana?"

Bambo anagwira pamene pamalowa kachitsulo kotsekera. Panali kachidutswa ka mtengo wothyoka. Ndi pomwepo anandiuza kuti dzulo lake, pokoka lole ina yaing'ono imene inaterereka, anasowa cholumikizira tcheni, n'kusolola kachitsuloko. Kanapindika. Anaikapo kamtengo ka bulugama, akuti kanali kolimba.

Sindinakalipe. Pamsika panali anthu, ndiponso mphamvu yake ndinalibe. Ndinangoti, "Tiyeni tibwerere."

Tinabwerera pang'onopang'ono, magalasi ali otsegula tsopano. Pa tala magalimoto anali atazipondaponda, msewu uli chikasu, njuchi zitayamba kale kusonkhana. Ana asukulu ankayenda aliyense ndi chake m'manja, ena akudya ndi makoko omwe. Ukamuuza chiyani mwana amene watola chinanazi pamsewu? Kumsewu wadothi zambiri zinali zitasweka kapena kugwera m'ngalande. Pa chitunda chija, mmodzi wa amayi othyola tiyi anali ataunjika kamulu pambali, atafunditsa masamba.

"Tinakukuwirani mpaka mawu kutha," anatero. "Inu n'kutiimbira hutala. Amayi awa mpaka kutibayibitsa."

Ndinathokoza. Ndinamupatsa ziwiri. Zotsalazo zinali zovulala, zoti pofika mawa zayamba kuchita thovu.

Titafika kumudzi bambo anamasula ngolo nati akupita kuboma kukaongoletsa kachitsulo kaja, owotcherera asanatseke. Anapita. Amayi anali atamva kale kulira kwa galimoto ndipo ankabwera mmodzimmodzi, akudabwa kuti tabwerako msanga. Ndinawayalira mkeka. Ndinafotokoza ndekha, aneba akungoyang'ana pansi.

Ndikanakonda akanandilalatira. Palibe analalata. Wina anafunsa ngati mwana ali bwino. Wina anatola chinanazi chimodzi pa kamulu kaja, anachitembenuza, nati ndi cha m'munda mwake, akuchidziwa ndi nsonga yake, n'kuchibwezera pomwepo. Kenako mayi wamasiye uja anati, "Tikanakhala kumbuyoko, chikanagwa chimodzi chokha."

Madzulo ake ndinawauza bambo kuti amayi aja azikathyola m'munda mwanga, zikamapsa, mpaka aliyense zake zitabwerera. Anati ngozi ndi ngozi, palibe amalipira ngozi. Ndinati munda ndi wa kwathu, anandisiyira amayi anga, ndipo anthuwa ndimatunga nawo madzi. Amayiwo poyamba anakana, mwa ulemu, kenako anabwera ndi zikwanje zawo. Ndinkawaperekeza ndekha, kuwalozera zakupsa.

Msika wotsatira sanabwere pakhonde panga. Anakweza madengu pa njinga za kabaza mpaka pa tala, n'kudikira minibasi. Zinkawadyera zambiri, koma aliyense anali pafupi ndi katundu wake. Patapita nthawi anapangana ndi mwamuna wina wa mudzi wa kutsidya amene ali ndi kalole, ndipo mpaka lero amayenda naye. Amadutsa kuseri kwa nyumba yathu m'mawa, ndimawamva akuseka. Timapatsana moni bwinobwino. Aneba amabwerabe kudzapempha moto ndi mchere, koma za pamsika amandiuza mwachidule, ngati munthu wouza wodwala za kuukwati.

Ine chaka chimenecho ndinalibe chogulitsa, ndiye sindinapite. Pamene ndinapitanso, malo amene ndinkayala pansi pa mtengo anali atakhalapo mayi wina wa tomato. Pamsika malo ndi a amene akubwera.

Galimoto ilipo. Mafuta akapezeka, Loweruka imapita kumalire ndi agalu, ndipo sititimiradi. Lamulungu ndikaweruka kutchalitchi ndimaichapa. Ngolo ili kuseri kwa khitchini, tayala limodzi linaphwa, nkhuku zimaikiramo mazira. Nguluwe ya nyengo imeneyo inali imodzi yomwe ija, ndipo atagawana alenje onse, kwathu kunabwera mwendo.

Zimene zinapita ndi izi: zinanazi zoyamba kucha za nyumba zisanu ndi ziwiri, zokolola zanga zonse za chaka chimenecho, malo anga a pamsika, ndi amayi asanu ndi mmodzi amene ndinkayenda nawo.