Mkombero wa Kizito ndi Khadi la Apongozi

Pa Chamama aliyense amamudziwa Kizito wokonza mawailesi. Manja ali nawo, koma khasu amaliona ngati njoka. Ine ndimasoka pakhonde loyandikana ndi lake, choncho zake ndimazidziwa kuposa mmene iye angafunire.

Anakwatira Anesi n'kukhala chikamwini, ndipo apongozi ake, mayi Fainala, sankabisa mawu. Ankati mkamwini wosalima ndi mlendo wochedwa kutsanzika. Mphekesera zinali zoti mvula ikangogwa, Kizito abwerera kwawo ku Lukwa. Zinkandimvetsa chisoni, chifukwa Anesi amamukonda zenizeni.

Chaka chimenecho bambo Yassin, a sitolo yoyang'anana ndi khonde langa, ankagulitsa feteleza wotsika mtengo, ndipo kalabu ya alimi inapereka makhadi ongogunditsa pa kamakina. Kamakinako kanagwa pansi n'kugontha. Kizito atakatsegula anapeza kuti kawaya kozungulira m'kati, kamene kamamva khadi likayandikira, kaduka. Anati apanga kena.

Anasomphola waya wa kopa m'fani yakufa. Poyamba anakulunga pabeseni, akuti mkombero waukulu uzimva khadi munthu akadali pamsewu. Sunamve kanthu. Anachulutsa mizere ya waya, n'kugonthera konse. Anauika pa kauntala ya malata, malata n'kumwa mphamvu yonse. Pomaliza anakulunga pang'ono pa chivindikiro cha kapu, kukula kwake ngati khadi lomwe, n'kulumikizako kachitsulo kosakira masiteshoni a wailesi. Atapotokola pang'onopang'ono, kamakina kanalira. Kankamva khadi likafika pafupi ngati kutalika kwa chala basi. Bambo Yassin anamuika Kizito yemweyo pakauntala.

Tsiku lomwe matumba ankatha, pamzere panatulukira mayi Fainala. Chaka chinacho wina anawabera kuponi powanamiza kuti awathandiza, ndiye khadi ili analisokera m'kathumba ka m'chiuno, pansi pa zitenje zitatu.

"Amayi, tulutsani khadi," anatero bambo Yassin.

"Silituluka. Makina anuwo alipeze pomwe lili."

Mkamwini ndi apongozi amapatukirana ngakhale panjira, ndiye dzanja lake likafike m'chiuno mwawo? Mayi wina anadzipereka kuti agwire mkomberowo, koma mayi Fainala anamuyang'ana diso loti othandiza anathana nawo. Kizito ankadziwa kuti apongozi akabwerera chimanjamanja chifukwa cha waya wake, ukwati wathera pomwepo.

Anathamanga kukasolola mkangala wopachikira fodya, namangirira mkombero kunsonga, n'kuwonjezera waya. Waya wautali unasokoneza zonse, ndiye anayambanso kupotokola kachitsulo kaja. Kenako anatembenukira kukhoma mwaulemu, n'kutambasula mkangala chakumbuyo.

Mzere wonse unasanduka aphunzitsi.

"Kumanzere, achimwene!"

"Tsitsani! Umenewo ndi mkhwapa!"

"Aka! Mwagunda abusa!"

Ine ndinaseka mpaka ulusi unandipulumuka m'manja. Kizito ankangopalasa mumpweya ngati akuthyola mango mumdima, khosi lili gwa. Mayi Fainala anapirira kugwazidwa kawiri. Kachitatu anagwira nsonga ya mkangala, nauika okha pa kathumba kaja. Kamakina kanalira, amayi n'kululutira. Tonse tinachita manyazi kuti nzeru yophweka choncho sinatibwerere.

Mayi Fainala sanamuyang'ane mkamwini. Analankhula ndi bambo Yassin, koma mokweza kuti kukhoma kumveke.

"Muwauze bambo awo kuti munthu wovutika chonchi posunga ulemu sapirikitsidwa. Thumba limodzi ndi lawo. Munda wa kudambo uja ndawapatsa, ayambe mawa kugalauza."

Kizito anakhala pansi, misozi ili mbwee. Anthu ankati ndi chimwemwe, ndipo mbali ina chinalidi chimwemwe. Koma ine munda wa kudambowo ndimaudziwa. Dothi lake ndi lamakande, ndipo khasu limachita kudumpha.