A Sajeni Ankameta Tsaya Limodzi

A Sajeni atamwalira, amayi osoka zovala a nyumba yapakona analira kuposa achibale, ndipo sanachite nazo manyazi.

Bambowa anabwerako kunkhondo ndi khutu limodzi logontha komanso pakamwa paukali. Za nkhondoyo sankanena. Ukawafunsa, ankakutchera khutu logonthalo. Ntchito imene anadzipatsa inali yometa ndevu abambo odwala osatha kudzuka. Ankayenda khomo ndi khomo ndi kachikwama ka lumo, sopo ndi galasi long'aluka, osalandira ngakhale tiyi.

Amuna awo a mayi osokawa, omwe kale ankayendetsa basi, anafa ziwalo mbali yakumanja. Chitulukireni m'chipatala anangotembenukira kukhoma. Chakudya ankakana, kulankhula anasiya, ngakhale adokotala anati lilime lili bwinobwino. Mayiwo ankapalasa makina pabalaza mtima uli kuchipinda, akudziwa kuti munthuyo wasankha kufa.

Tsiku lina a Sajeni anatulukira, odi wawo n'kumveka ali kale m'kati. Anatsegula makatani, anadandaula za fungo, n'kuwadzutsa odwalawo ngati thumba la simenti. Anapaka thovu nkhope yonse, koma anameta tsaya limodzi lokha. Kenako anawafumbatitsa lumo kudzanja lamanzere, n'kuimika galasi pampando.

"Kwinako mumalize nokha, achimwene. Ine manja atopa."

Mayiwo anapsa mtima. Anawatsatira a Sajeni mpaka panja n'kuwauza kuti kuseweretsa wodwala ndi nkhanza. A Sajeni anayankha motsitsa mawu, zomwe sizinkachitikachitika. Anati kunkhondo anasamalirapo mnzawo wovulala, kumuchitira zonse mpaka kumumwetsa madzi, ndipo mnzawoyo anazolowera kugona, sanadzukenso. Atatero anadzipitira.

Mayiwo anatsala okha pakhonde. Lumo m'manja mwa munthu wotopa ndi moyo? Anathamanga kuti akalilande. Atafika pachitseko cha kuchipinda anamva mawu amene anawasowa miyezi yonseyo, okokakoka koma aukali, akutukwana a Sajeni ndi usilikali wawo womwe.

Anasuzumira. Amuna awo anali atadzicheka pachibwano, thovu litafiira, koma dzanja likupalabe ndevu.

"Mayi a ana, mwangoima? Tandigwirirani galasili. Mukatero mundipatseko chakudya, ndili ndi njala."