Mtanda wa penti pakhoma langa

Nyumba yathu ya ku Kalingalinga ndinamanga ndine. Ndikunena chifukwa amuna anga mpaka kumwalira ankangoti "nyumba yanga", chonsecho dothi la zidina ndinaponda ndekha, mwana ali kumsana, iwo ali ku Kariba kukankha wilibala pamene azungu ankatseka mtsinje wa Zambezi.

Atabwerako sitinapume. Za wilibala anaiwala, anasanduka eni damu. Aliyense wodutsa pakhomo ankamuimitsa n'kumufotokozera kuti madzi ukawatseka amakwera, kenako umawatsegulira m'ngalande zapansi, amagwa mwamphamvu n'kuzunguza mawilo akuluakulu, magetsi n'kubadwira pomwepo. Zinali zoona, sindikana. Koma ndinazimva mpaka makutu kuwawa, uku ndikupukuta galasi la nyali ya parafini. Anabweranso ndi babu, kaya analitola kuti, n'kulipachika kudenga ndi chingwe cha khonje. Ntchentche zinalikonda kwambiri.

Tsiku lina kunabwera mzungu wovala kabudula ndi anthu ake onyamula chitini cha penti yoyera. Anayenda mzera umodzi, akulemba mtanda pakhoma la nyumba iliyonse ya mumzerawo. Mzunguyo sanatiyang'ane n'komwe, ngati akudutsa m'khola la mbuzi. Mmodzi wa anthu akewo atafunsidwa anangoti mawaya ochokera kudamu adzadutsa apa. Mitanda inathera pa nyumba ya aneba athu. Yathu anaidumpha.

Anthu anathamangira kwa katswiri wathu uja, ndipo iye anawamasulira mosakayika kuti nyumba za mitanda ndizo zidzayamba kulandira magetsi. Aneba anayamba kuyenda modzikweza. Amuna anga zinawapweteka. Iwo amene anamanga damu ndi manja awo, awadumphe? M'mawa mwake ndinawapeza ali ndi kachitini ka penti kobwereka, akulemba mtanda pakhoma langa, waukulu kuposa wa aliyense. Ndinawauza kuti boma silinatipatsepo ngakhale mpopi, lingayambe ndi magetsi?

"Imwe amake mwana, khalani zii," anatero. "Ivi vinthu simuviziba. Ine malaiti ninayaona kwamene yachokera."

Patapita masiku, kapitawo anabwera kudzalengeza kuti onse a mitanda atulutse katundu, chifukwa pansi pa mawaya aakulu sipakhala nyumba. Mawayawo sanali athu. Ankapita kumigodi ndi kumayadi a azungu, ife tinali chabe zinthu zotchinga njira. Komboni yonse inagwira miyala ndi mchenga kukhula mitanda. Amuna anga anakhula mpaka zala kutuluka magazi, koma penti inali italowa m'dothi, ndipo pokhulapo panatsala mtanda wokumbika wooneka bwino kuposa poyamba.

Thalakitala itafika ndinaima pakhomo. Ndinamuchonderera kapitawo, munthu wakwathu kum'mawa, kuti mtanda uwu si wa boma, analemba ndi amuna anga. Ndinamuuza kuti ayang'ane yekha, nyumba yathu ili kunja kwa mzera. Amuna anga anali kumbuyo kwanga.

"Amai, aliyense akamba so," anatero kapitawo. "Ine nauzidwa kugwetsa nyumba iliyonse ya mtanda."

Khoma loyamba kugwa linali lomwe ndinalizira ndi dothi lofiira. Aneba, poti mitanda yawo inali yeniyeni, anawakweza lole n'kukawapatsa malo kwina. Ife palibe ankatidziwa. Tinakapanikizana kwa achemwali anga ku Matero, ndipo mtima wanga pa amuna anga aja sunabwererenso m'malo.

Nsanja zachitsulo zitaima ndinapita kukaona. Mawaya ankadutsa patali ndithu, akulira ngati njuchi. Pamalo pathu panalibe chilichonse chomangidwa, panangomera chisoso. Nditabwerera ndinapeza amuna anga akumangirira babu lija kudenga la achemwali anga. Ndi chinthu chokhacho chimene iwo anatulutsa m'nyumba muja.